Macheka Akadula Chala Pantchito: Chipepeso cha Bwana ndi Chipukuta Misozi cha Lamulo

Amene anayendapo m'mashedi a akalipentala ku Mchesi mu Lilongwe, ku Ndirande mu Blantyre kapena m'misika ya matabwa ku Mzuzu amawadziwa macheka amene ndikunena pano. Nthawi zambiri sakhala makina ogula kusitolo, koma opangidwa ndi mmisiri wowotcherera zitsulo: tebulo la matabwa okhuthala, mota yakale pansi pake, lamba wozunguza chitsulo, ndipo pakati pa tebulolo pali mpata umene mano akuthwa atulukira. Pamwamba pa manowo palibe chotchinga chilichonse. Mnyamata mmodzi amakankha thabwa ndi manja kuchokera kutsogolo, mnzake amalandira kumbuyo, utuchi uli m'maso ndi m'mphuno, ndipo phokoso limakula moti pofuna kulankhulana amachita kukodolana. Mukayang'anitsitsa manja a amisiri achikulire pamalo otere, simuchedwa kuona wina amene chala chake chamkombaphala chinathera pa mfundo yachiwiri, kapena amene amagwira pensulo ndi zala zitatu zokha.

Mukawafunsa kuti zinatani, ambiri amayankha mawu ofanana: "Inali ngozi, achimwene, ndinangotaya mtima pang'ono." Mukafunsa chimene analandira, amatchula ndalama ya transipoti yopita kuchipatala, thumba la chimanga, mwina malipiro a mwezi umodzi. Chimenechi ndi chipepeso, ndipo pachikhalidwe chathu sichinthu chonyozeka, chifukwa chimasonyeza kuti mwini ntchito wakhudzidwa. Vuto ndi lakuti anthu ochuluka amaganiza kuti chipepeso ndicho mathero a nkhani, pamene malamulo a dziko la Malawi amapereka kwa wovulala chinthu china chosiyana kwambiri, chomwe ndi chipukuta misozi chowerengedwa mwa ndondomeko, chosadalira kukoma mtima kwa bwana ndiponso chosadalira kuti wolakwa anali ndani. Chala chimaduka m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi, koma ufulu wa wovulalayo umatayika pang'onopang'ono m'masabata otsatira, pamene iye ali pa ululu ndipo palibe amene wamuuza zoyenera kuchita.

Chifukwa chimene kusamala kokha sikukwanira

Macheka a patebulo a masentimita 25 amazungulira maulendo pafupifupi 4,000 pa mphindi imodzi. Ngati ali ndi mano 40, ndiye kuti mano oposa 2,600 amadutsa pamalo amodzi pa sekondi iliyonse. Munthu wabwinobwino amafuna pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a sekondi kuti aone choopsa ndi kuchotsa dzanja, ndipo pa nthawi imeneyo mano oposa 600 amakhala atadutsa kale. Palibe mmisiri waluso amene angapose liwiro limeneli, ndipo n'chifukwa chake amene amaduka zala si ophunzira okha, komanso anthu amene agwira ntchitoyi zaka 20.

Kawirikawiri dzanja silipita lokha ku macheka, limachita kukokedwa. Thabwa laliwisi kapena lopindika likamachekedwa, mpata wochekedwawo umatsekeka kumbuyo n'kufinya chitsulo. Mano a kumbuyo amayenda chokwera, choncho amanyamula thabwalo n'kuliponya kwa munthu amene akukankha, ndipo dzanja limene linali kukanikiza thabwa limagwera pamano. Makina opangidwa bwino amakhala ndi kachitsulo kopyapyala kumbuyo kwa macheka koletsa mpatawo kutsekeka, amakhala ndi chivundikiro pamwamba pa mano, ndiponso wocheka amagwiritsa ntchito kamtengo kokankhira m'malo mwa zala thabwa likamafika kumapeto. Zinthu zitatuzi sizodula. Kamtengo kokankhirako kamapangidwa kuchokera ku zidutswa zomwe zimatayidwa pansi pa tebulo lomwelo. Koma pamene munthu akulipidwa potengera kuchuluka kwa matabwa amene wacheka pa tsiku, chilichonse chochedwetsa ntchito chimachotsedwa, ndipo nthawi zambiri chimachotsedwa mwini shedi akuona.

Pali choopsa china chimene ife kuno timachidziwa bwino. Magetsi akazima ntchito ili m'kati, anthu amaiwala kuthimitsa makina, ndipo wina amayamba kuchotsa utuchi kapena kumasula kachidutswa kamene kakanirira pamano. Magetsi akabwera mwadzidzidzi, makina a switchi wamba amayamba okha. Pali mtundu wa switchi umene umadzithimitsa wokha magetsi akazima ndipo suyatsanso makina kufikira munthu atausindikiza, koma m'mashedi ambiri mumapeza waya wolumikizidwa mwachindunji. Chimodzimodzi anthu ena amamanga chitsulo cha mano chochekera matabwa pa grinder, chida chimene chimazungulira mofulumira kwambiri kuposa mmene chitsulocho chinapangidwira, ndipo chikakanirira chimalumphira pa dzanja kapena pa ntchafu. Magolovesi, amene amateteza pa ntchito zina, pa makina ozungulira amaonjezera ngozi, chifukwa mano akakola nsalu amakoka dzanja lonse.

M'nkhalango nkhani ndi ya macheka a injini onyamula pamanja, amene ambiri amangowatchula kuti chainsaw. Ku Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inabzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960 ndi cholinga chopanga mapepala, komanso ku Dedza, Zomba ndi Mulanje, anthu ambiri apeza chakudya mwa kugwetsa mitengo ndi kucheka matabwa. Tcheni cha makina amenewa chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi, ndipo nsonga yake ya pamwamba ikagunda nthambi, makina onse amadumphira m'mwamba kulunjika kumaso, paphewa kapena pa dzanja lamanzere. Ali ndi buleki yoimitsa tcheni pa nthawi yotere, koma ikathyoka ambiri amapitiriza ntchito osaikonza. Amene wavulala m'kati mwa nkhalango amakhala kutali ndi chipatala, ndipo chimene chimamuika pachiswe choyamba ndi kutaya magazi.

Dziko la America limasunga bwino mawerengero a ngozi zimenezi, ndipo bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, la Consumer Product Safety Commission, lakhala likunena kuti anthu pafupifupi 30,000 pachaka amavulazidwa ndi mano a macheka a patebulo, ndipo mwa iwo pafupifupi 4,000 amaduka chala kapena gawo la dzanja, kutanthauza anthu oposa khumi tsiku lililonse. M'chaka cha 1999 Steve Gass, loya amene anaphunziranso sayansi ndipo ankakonda ukalipentala, anapanga njira yakuti macheka azizindikira thupi la munthu. Chitsulo chimakhala ndi mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo khungu likachikhudza mphamvuyo imasintha, buleki ya aluminiyamu imalowa m'mano, macheka n'kuima ndi kumira pansi pa tebulo m'kanthawi kosakwana magawo asanu a magawo 1,000 a sekondi. Makampani akuluakulu sanaitenge njirayi, ndipo iye ndi anzake anayamba kupanga macheka awo otchedwa SawStop. M'chaka cha 2010 bwalo la milandu ku Boston linagamula kuti Carlos Osorio, woyala matabwa apansi m'nyumba amene anavulala kwambiri zala, alandire madola 1.5 miliyoni kuchokera ku kampani yopanga macheka a Ryobi, chifukwa chakuti njira yotetezayo inalipo koma sinaikidwe, ngakhale kuti chivundikiro cha machekawo chinali chitachotsedwa pa nthawi ya ngoziyo. Makina oterewa ndi odula kwa kalipentala wa ku Ndirande, ndipo thabwa lonyowa kwambiri, lomwe ndi lofala kuno, limatha kuyambitsa bulekiyo popanda ngozi. Komabe mlanduwu unaonetsa mfundo yofunika kulikonse: munthu aliyense adzataya mtima tsiku lina, ndipo amene ali ndi mphamvu yokonza makina ndi malo a ntchito ndiye ayenera kukonzekera tsiku limenelo.

Maola oyamba

Choyamba ndi kuletsa magazi mwa kukanikiza bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera ndi kukweza dzanja m'mwamba. Dothi, phulusa, mafuta a injini kapena masamba siziyenera kuikidwa pabala. Chiwalo chodukacho chisatayidwe: chikulungidwe m'kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikidwe m'jumbo yomangidwa bwino kuti madzi asalowe, ndipo jumboyo iikidwe m'madzi a ayisi. Kuchigoneka mwachindunji pa ayisi kumachiononga. Chala, popeza chilibe mnofu wambiri, chimatha kupirira maola pafupifupi 12 chosazizidwa ndi 24 chikazizidwa, pamene dzanja kapena mkono umayamba kufa pakatha maola pafupifupi asanu ndi limodzi.

Madokotala anayamba kulumikizanso ziwalo zoduka m'ma 1960. Ronald Malt analumikiza mkono wa mnyamata ku Boston mu 1962, Chen Zhongwei analumikiza dzanja la wogwira ntchito m'fakitale ku Shanghai mu 1963, ndipo ku Japan Komatsu ndi Tamai analumikiza chala chachikulu mu 1965. Opaleshoni yotere imafuna kusoka timitsempha tating'ono kwambiri poyang'ana pa makina okulitsa zinthu, ndipo siichitika pachipatala chilichonse. Bala la macheka ndi lovutanso kuposa la mpeni, chifukwa mano amadya mamilimita angapo a fupa ndi mnofu n'kung'amba m'mphepete mwake. Choncho kwa ambiri kuno chimene chimachitika ndi kutsuka bala, kudula bwino nsonga ya fupa, kusoka ndi kupereka jakisoni wa kafumbata. Ngakhale zili choncho, kunyamula chiwalocho kumathandiza, pakuti dokotala ndiye woyenera kugamula, ndipo nthawi zina khungu lake limagwira ntchito potseka bala.

Pa maola omwewa pamachitika chinthu chimene chimaononga milandu yambiri. Wovulala akufika pachipatala ataperekezedwa ndi bwana kapena kapitawo, ndipo panjira wauzidwa kuti, "Mukanene kuti mwavulala kunyumba, zinazo tikambirana." Iye, chifukwa cha mantha ndi ulemu, amavomera. Zimene wanena zimalembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake, ubale utasokonekera, buku lomwelo limakhala umboni womutsutsa. Ndikofunika kuti dokotala alembe zoona, kuti munthuyo wavulala ali pantchito, pa makina akuti, tsiku lakuti. Ngati pali mnzake amene ali ndi foni, ajambule makinawo mmene analili, asanaikidwe chivundikiro chimene panalibe.

Zimene malamulo a Malawi amanena

Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo pa wolemba ntchito: kutchinga mbali zoopsa za makina, kuphunzitsa ndi kuyang'anira antchito, kupereka zovala zodzitetezera, kusunga bokosi la chithandizo choyamba ndi kudziwitsa boma za ngozi zikuluzikulu. M'chaka cha 2019 Malawi anavomerezanso mapangano a ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, a nambala 155 ndi 187 okhudza chitetezo pantchito.

Koma lamulo limene limagwira ntchito munthu akavulala kale ndi la Workers' Compensation Act la 2000. Maziko ake ndi akale. Dziko la Germany linakhazikitsa inshuwalansi ya ngozi za pantchito mu 1884, ndipo Britain inapanga lamulo lake mu 1897, pozindikira kuti wantchito wosauka sangathe kutsimikizira m'khoti kuti mwini fakitale ndiye analakwa. Anagwirizana kuti wovulala azilandira ndalama yodziwikiratu popanda kufufuza wolakwa. Lamulo lathu limatsata mfundo yomweyo. Funso lake ndi lakuti kodi ngoziyo inachokera ku ntchito ndipo inachitika munthu ali pantchitoyo. Ngati yankho ndi inde, ndipo kuvulalako kwamulepheretsa kugwira ntchito masiku osachepera asanu ndi awiri, wolemba ntchito ayenera kulipira. Mawu akuti "sunasamale wekha" alibe mphamvu pano. Chimene chingachotse ufuluwu ndi kudzivulaza dala kapena kuphwanya malamulo a ntchito mwadala ndi moopsa, ndipo kutaya mtima kwa kanthawi sikuli m'gulu limenelo.

Mawu ena amene amagwetsa ulesi anthu ambiri ndi akuti, "Iwe ndi waganyu, sunalembedwe ntchito." Lamulo silifuna kuti pangano likhale lolembedwa papepala, la pakamwa ndi lokwanira, ndipo ophunzira ntchito nawonso amawerengedwa. Waganyu amene lamulo limamusiya kunja ndi amene ntchito yake ndi ya apo ndi apo ndiponso yosakhudzana ndi bizinesi ya womulembayo. Munthu amene mwamuitana tsiku limodzi kuti adzadule nthambi pakhomo panu akhoza kukhala m'gulu limeneli. Koma mnyamata amene amacheka matabwa pa shedi yogulitsa matabwa akugwira ntchito yeniyeni ya bizinesiyo, kaya amalipidwa pa tsiku, pa sabata kapena pa thabwa. Chovuta chimakhala umboni, ndipo pamenepa mauthenga a pafoni, ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, kabuku kolembamo matabwa ochekedwa ndi anzake ogwira nawo ntchito zimathandiza kwambiri.

Kawerengedwe ka ndalama kali motere. Munthu akamwalira, amene ankadalira iye amalandira malipiro a miyezi 42. Akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito iliyonse, amalandira malipiro a miyezi 54. Kuduka chala kapena dzanja kumawerengedwa ngati kulumala kwa mbali imodzi kosatha, ndipo kumapeto kwa lamuloli kuli mndandanda wopereka maperesenti pa chiwalo chilichonse. Bala likapola, dokotala amayeza ndi kulemba peresenti, ndipo ofesi ya Workers' Compensation Commissioner, mkulu wa boma woona za chipukuta misozi cha ovulala pantchito, imawerengera ndalama. Tiyerekeze kuti munthu ankalandira K150,000 pamwezi ndipo dokotala walemba maperesenti 20. Miyezi 54 ikupereka K8,100,000, ndipo magawo 20 pa 100 a ndalamayi ndi K1,620,000. Kuonjezera pamenepo wolemba ntchito ayenera kulipira zofunika pa chithandizo cha kuchipatala, mankhwala, mayendedwe ndi chiwalo chochita kupanga ngati chikufunika, komanso pali malipiro a nthawi imene munthu akuchira asanabwerere kuntchito.

Apa m'pofunika kufatsa ndi dokotala woyeza. Zala sizofanana. Akatswiri a manja amati chala chachikulu chokha chimagwira pafupifupi magawo 40 pa 100 a ntchito ya dzanja, chifukwa popanda icho munthu sangatsine msomali, sangamange batani la malaya, sangagwire bwino khasu kapena kutema mbamu ya nsima. Ndiponso macheka sadula chala chimodzi n'kusiya zinazo zili bwino: nthawi zambiri zala zoyandikana zimaduka mitsempha, n'kukhala zouma kapena zadzanzi. Wovulala ayenera kufotokoza zonsezi poyezedwa, osangoonetsa chala chimene chikusowa, pakuti peresenti ikalembedwa yochepa, ndalama yonse imatsika nayo.

Nthawi ndiyo imagwetsa ambiri. Wolemba ntchito ayenera kudziwitsidwa za ngozi mwamsanga, ndipo iye ayenera kukanena ku boma pasanathe masiku 21. Pempho la chipukuta misozi liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 12. Wovulala asamadikire bwana. Iye mwini, mkazi wake kapena mbale akhoza kupita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lawo, kumene ambiri amati ku Leba, kukanena za ngoziyo ndi kutenga mafomu. Njira imeneyi siifuna loya. Malonjezo a "dikirani tigulitse matabwa" amatha kudya chaka chonse, ndipo paja amati fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma pano amene amasowa chonena ndi wovulala, amene wazindikira mochedwa kuti nthawi inatha. Chinanso ndi kapepala kamene ena amasainitsidwa polandira chipepeso, konena kuti nkhani yatha ndipo sadzadandaulanso. Lamulo silivomereza pangano limene wantchito akutaya nalo ufulu wake wa chipukuta misozi, choncho amene anasaina kapepala kotere asaganize kuti khomo latsekeka, apite nako ku Leba akakaonetse.

Pamene dongosololi limafooka

Ndiyenera kunena mosabisa kuti ndalama ya lamuloli ndi yochepa poyerekeza ndi chimene munthu wataya. Mnyamata wa zaka 22 amene waduka zala zitatu za kudzanja lamanja ali ndi zaka mwina 40 zogwira ntchito patsogolo pake, ndipo amalandira ndalama ya kamodzi yowerengedwa pa malipiro ochepa a tsiku la ngozi. Mndandanda wa maperesenti susiyanitsa kalipentala ndi mlonda, ngakhale kuti chala chomwecho chimathetsa ntchito ya mmodzi n'kusiya ya mnzake. Ndalamayo ikachedwa, imathanso mphamvu. Amene anavulala kwacha isanagwe ndi maperesenti 44 mu November 2023 n'kulipidwa pambuyo pake analandira ndalama yogula zinthu zochepa kwambiri kuposa mmene lamulo linkalingalira.

Kufooka kwakukulu kuli pa amene amalipira. Lamulo la 2000 linakonza zoti pakhale thumba limodzi limene olemba ntchito onse azisonkhamo, kuti wovulala azilipidwa kuchokera m'menemo, koma kwa zaka zambiri thumbali silinayambe kugwira ntchito, ndipo udindo unatsala pa wolemba ntchito aliyense payekha kapena kampani yake ya inshuwalansi. Kampani yaikulu imatha kulipira. Mwini shedi wa antchito anayi, amene chuma chake chonse ndi mota imodzi ndi mulu wa matabwa, akauzidwa kuti alipire mamiliyoni awiri amatha kutseka n'kusamukira kwina. Ku Zambia kuli bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board limene limatolera ndalama kwa olemba ntchito ndi kulipira ovulala, ku Zimbabwe ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la boma la NSSA, ndipo ku Britain lamulo la 1969 limakakamiza olemba ntchito kukhala ndi inshuwalansi. Njira zimenezi zili ndi mavuto ake, makamaka kuchedwa, koma wovulala sadalira thumba la munthu mmodzi amene iyenso akuvutika.

Abale athu ambiri amene ali ku South Africa amagwira ntchito za zomangamanga, za m'minda ndi zodula mitengo, ndipo kumeneko lamulo la chipukuta misozi ndi la COIDA la 1993. Wolemba ntchito ayenera kunena za ngozi pasanathe masiku asanu ndi awiri. Kulumala kwa maperesenti 30 kapena kucheperapo kumalipidwa kamodzi, pamene kopitirira pamenepo kumapatsa munthu penshoni ya mwezi ndi mwezi. Kusiyana kwakukulu ndi kwathu n'kwakuti kumeneko wantchito sangasumire bwana wake kukhoti kuti amulipire zina pa ngozi yomweyo.

Kuno khomo limenelo ndi lotsegula. Ngati ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala kwa wolemba ntchito, monga makina opanda chotchinga, buleki yothyoka imene inanenedwa koma osakonzedwa, kapena kuika munthu wosaphunzitsidwa pa makina oopsa, wovulala akhoza kukasuma kukhoti. Kumeneko woweruza amaganizira zinthu zimene mndandanda wa maperesenti suziona: ululu umene munthu wamva, kuonongeka kwa maonekedwe a thupi, zinthu zimene sangathenso kuchita pamoyo wake, ndi ndalama zimene akanapeza m'tsogolo. Ndalama imatha kukhala yokulirapo, koma wodandaula ayenera kutsimikizira kulakwa kwa bwana, khoti limatha kuchotsera ngati iyenso anali ndi mbali yake, ndipo zimene analandira kale ku Leba zimaganiziridwa kuti asalipidwe kawiri. Mlandu wotere uyenera kuyamba pasanathe zaka zitatu. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo amene wapeza loya wake afunsiretu momveka bwino kuti malipiro a loyayo adzakhala otani, ndi kuona yekha chikalata chosonyeza ndalama yonse imene yaperekedwa.

Ntchito ndi moyo pambuyo pake

Ambiri akatuluka m'chipatala amapeza kuti pamalo pawo paikidwa wina. Lamulo la Employment Act la 2000 limanena kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito, ndipo limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali. Amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro. Ngati bwana akuona kuti munthuyo sangathenso ntchito yake, ayenera kukhala ndi chifukwa chenicheni ndi kumupatsa mwayi woyankhapo. Wochotsedwa mopanda chilungamo akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake pasanathe miyezi itatu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Dandaulo limeneli ndi losiyana ndi la chipukuta misozi, ndipo munthu akhoza kuyendetsa onse awiri. Lamulo la anthu aulumali la 2024 limalimbikitsanso ufulu wawo pantchito. Pa shedi ya matabwa pali ntchito zambiri zimene munthu wa zala zochepa angagwire bwino, monga kuyeza, kulemba, kupaka vanishi, kugulitsa ndi kuphunzitsa achinyamata, ndipo amisiri ambiri oduka zala amabwereranso pa ntchito ya manja akapatsidwa nthawi.

Pali gulu limene lamulo la chipukuta misozi silingalithandize, ndilo la odzilemba okha ntchito, amene ndi ambiri pakati pa ocheka matabwa. Munthu amene wabwereka chainsaw n'kukadula mitengo yake alibe bwana woti amulipire. Komabe mawu akuti "ndife ogwirizana chabe" ayenera kufufuzidwa, chifukwa ngati wina ndiye mwini makina, ndiye amagula mafuta, amalamula nthawi yoyamba ntchito ndi kutenga matabwa onse, ubale umenewo umafanana kwambiri ndi wa bwana ndi wantchito, kaya iwo amautchula dzina lotani.

Kuchira kwenikweni kumatenga miyezi. Dzanja limene lamangidwa masabata ambiri limauma, ndipo zala zotsala zikapanda kuphunzitsidwa kupinda msanga, zimatha kukhala zopanda ntchito kuposa chodukacho, n'chifukwa chake masewera olimbitsa ziwalo amene amaphunzitsidwa kuchipatala sayenera kulekedwa bala likangotseka. Nsonga ya chala chodukacho imamva kuwawa kwambiri ikagunda chinthu kapena m'nyengo yozizira ya June ndi July. Ambiri amamvanso kuyabwa kapena kupweteka pa chala chimene kulibe, ndipo ena amaopa kunena poganiza kuti anthu awayesa amisala kapena olodzedwa, pamene ndi zodziwika bwino kuchipatala: ubongo umakhala ukusungabe chithunzi cha dzanja lonse. Ena akangomva kulira kwa macheka mtima umathamanga ndipo tulo timasowa, ndipo izinso n'zoyenera kuuza dokotala kuti zilembedwe. Kwa amene aduka dzanja, mkono kapena mwendo, malo opangira ziwalo zochita kupanga alipo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komanso pa zipatala za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Mzuzu Central, kumene bungwe la 500 Miles linathandiza kuwakhazikitsa. Chiwalo chotere chimatha ndipo chimafuna kukonzedwa kapena kusinthidwa pakapita zaka, choncho pokambirana za malipiro ku Leba kapena kukhoti, mtengo wa kukonzako ndi wa maulendo opita kuchipatala uyenera kutchulidwa ndi kulembedwa pamodzi ndi zina zonse.